Mbiri ya alamu anga inawerengedwa m'Chingelezi

Ndatopa, abale anga. Si ulendo wa ku Lirangwe umene wanditopetsa, ngakhale minibasi yake inkaima paliponse pomwe munthu wakweza dzanja. Chanditopetsa ndi funso lomwe achemwali anga anandifunsa titabwerako kumanda, ndipo mpaka lero likundizungulira m'mutu.

Loweruka lapitali tinaika m'manda alamu anga, amuna awo a achemwali angawo. Anali munthu wosalankhulalankhula, wokonza njinga pamsika. Mwana wawo woyamba, Chikondi, amanyamula katundu wa apaulendo pabwalo la ndege ku Chileka. Mnyamatayu amafuna atasiya zikwama n'kukakhala padesiki, ndiye anaona kuti khomo lake ndi Chingelezi. Anagula m'mbali mwa msewu m'tauni buku lakalekale la nthano ya azungu, lonenepa ngati njerwa, mapepala ake achikasu. Amaliwerenga m'minibasi, amaliwerenga pa nthawi yopuma. Akapeza liwu lalitali amalidula mzere kunsi, n'kufufuza tanthauzo lake pafoni, kenako n'kudzaliyesera pa ife. Ine malume wake ndazunzika nawo mawu amenewa, osati masewera.

Sindikumutsutsa. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo tonse tikudziwa kuti m'dziko muno ntchito yabwino imafunsiridwa m'Chingelezi.

Koma pamaliro paja, akulu a mpingo atamuitana kuti anene mbiri ya malemu, Chikondi anaponya maso pamipando pomwe panakhala mabwana ake awiri ochokera ku Chileka, n'kuyamba m'Chingelezi. Osati Chingelezi chathu chatsiku ndi tsikuchi ayi. Cha m'buku muja, chimene ndikukhulupirira kuti ngakhale eni ake anasiya kalekale kuchilankhula. Mabwana aja ankagwedeza mitu. Amayi a mpingo anangoti ndwii pamphasa, ena akukonzakonza mipango. Ine amene ndimadya za kulemba ndinatolapo theka lokha.

Anthu atayamba kubalalika, achemwali anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Achimwene, mwana uja wati chani za bambo ake?"

"Wati anali munthu wabwino, wolimbikira ntchito."

"Basi? Kuima konse kuja wangonena zimenezo?" Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Inu mukudziwa kuti awiriwa sankamvana chiyambire pomwe bambo ake anamukaniza kubwereza Folomu 4. Ine ndimati mwina lero ndimve ngati anawakhululukira. Ndatchera khutu mpaka kumapeto, osamva olo liwu limodzi."



Khalidwe limeneli si la Chikondi yekha. Pitani paukwati, mukapeza wolengeza akupota lilime m'Chingelezi pamaso pa makolo amene anagulitsa mbuzi kuti ukwatiwo utheke. Pitani pamsonkhano wa makolo kusukulu. Mverani andale akamakambirana za feteleza, pomwe alimi ake akudikira wina adzawamasulire mawa. Tikangoona munthu wovala tayi pagulu, tonse timatembenukira kwa iye, eni nkhani n'kuwapatsa nkhongo. Ndaziona kwa zaka zambiri, ndalembapo, ndipo mphamvu yokwiya inandithera.

Maliro aja atatha, m'mawa mwake ndinaperekeza Chikondi kusiteji, buku lija lili kukhwapa. Ndinali nditakonzeka kumudzudzula.

"Iwe Chikondi, maliro aja anali a bambo ako kapena a mabwana ako?"

Anayang'ana pansi.

"Amalume, musanditenge ngati wonyada. Ndinayamba ndayesera m'Chichewa ndili ndekha. Ndimangofika poti 'bambo anga', kukhosi n'kutseka. M'Chingelezi chija ndimatha kunena zonse osalira."

Chidzudzulo changa chinathera pomwepo. Ndinamva chisoni, komanso manyazi pang'ono.

"Ndiye unati chiyani, poti ine ndinasochera panjira?"

"Ndinati ndinawasungira mkwiyo nthawi yaitali, ndipo ndinachedwa kuwauza kuti unatha."

"Bwerera ukawauze amayi ako zimenezo. Akuzidikira."

Minibasi inali itaima kale, kondakitala akumenya chitseko. Chikondi anati adzawauza akadzabweranso, n'kukwera.

Mwina wina anena kuti bwanji osakawauza ndekha. Ndikhoza. Koma mawu ngati amenewo sadzera mwa malume, amafunika atuluke pakamwa pa mwini wake.

Choncho lero mabwana awiri a ku Chileka, amene sanawaonepo alamu anga ali moyo, akudziwa kuti Chikondi anakhululukira bambo ake. Mayi amene anamubereka, amene wakhala pakati pa awiriwa zaka zonsezi, ali pamphasa ku Lirangwe ndipo sakudziwa. Inu amene mukudula mizere kunsi kwa mawu aatali, pitirizani, ntchito muzipeze. Koma tsiku lodzanena zakumtima likadzafika, amayi anu adzafunsa ndani kuti mwati chiyani?