Mayi Wosoka Nsapato Amene Amafunsa za Mano

Pamsika wa Milepa pali mayi wina wosoka nsapato, dzina lake a Selestina. Ntchitoyi inali ya amuna awo, a Gregorio, koma maso atayamba kuwavuta bamboyo anaphunzitsa mkazi wawo kusoka ndi kumata, iwo n'kubwerera kumunda. Poyamba anthu ankazengereza kusiya nsapato kwa munthu wamkazi. Patatha chaka, akabaza onse a m'derali ankabweretsa nsapato zawo kwa iwo, chifukwa chimene amata a Selestina sichimatuka msanga. Pambali pa kusoka, ankagulitsanso timachubu ta guluu wouma msanga uja.

Mu 2021, akudya chimanga chokazinga, dzino lawo lakutsogolo linabenthuka. Kachidutswako anakalavulira m'manja. Lamlungu lotsatira kwaya yawo inkayenera kuimba pa ukwati kutchalitchi, ndipo iwo ndi amene ankayambitsa nyimbo. Anayang'ana kachidutswako, nayang'ana guluu amene anali pabenchi pawo. Anali atamata naye mabeseni, mawailesi ndi zidendene zosawerengeka. Anadontheza pang'ono, n'kubwezera kachidutswa pamalo pake. Kanagwira.

Pa ukwatiwo anaimba bwinobwino. Koma kachidutswako kankagwa pakapita masiku angapo, iwo n'kumamatanso, ndipo nthawi iliyonse guluu wina ankayenderera mpaka m'nkhama. Mwezi usanathe nkhama zinayera, kenaka zinatupa n'kuyamba kutuluka magazi. Tiyi ankamumva ngati moto. A Gregorio, amene sankaona bwino, anazindikira ndi fungo.

"Amayi, m'kamwa mwanumo simuli bwino. Mwaikamo chiyani?"

A Selestina anaulula. Tsiku lomwelo anakwera kabaza kupita kuchipatala cha mishoni, kumene anaonedwa ndi dokotala wa mano, a Kristina. Iwowa sanawakalipire. Anawafotokozera kuti khungu la m'kamwa ndi lofewa, lopangidwa ndi tizigawo tamoyo tosaoneka ndi maso, ndipo mankhwala a mu guluu wa m'nyumba amatha kutipha. Anawonjezera kuti guluuyo anatsekera zonyansa m'kati mwa dzino, mwakuti linali kuolera pansi. Dzinolo analizula, pamodzi ndi loyandikana nalo.

A Selestina anakhala milungu iwiri osapita kumsika. Chimene chinkawasautsa kwambiri sichinali mpata wa m'kamwamo. Ankakumbukira nkhope za anthu amene anawagulitsapo guluu atagwira tsaya, iwo osafunsa kanthu.

Atabwerera pantchito anayamba kufunsa aliyense wogula: "Mukukamata chiyani?" Ena ankaseka, ena ankanyansidwa nalo funsolo. Akamva kuti ndi beseni kapena nsapato, ankapereka, n'kuchenjeza kuti chubucho asatsegule ndi mano.

Tsiku lina kunabwera a Sabiti, mkulu wa akabaza, tsaya litatupa. Anati akufuna kumata chishalo cha njinga.

"Chishalocho chili kuti, achimwene? Bweretsani ndikumatireni ndekha."

A Sabiti anavomera kuti dzino lawo lakumapeto linabooka, ndipo mnzawo anawauza kuti akatseka bowolo ndi guluu mphepo siilowa, ululu umatha.

A Selestina anakweza mlomo wawo wam'mwamba ndi chala, n'kuwaonetsa mpata ndi chipsera cha m'nkhama.

"Awatu ndi manja anga omwe. Inenso ndinkati ndikudzithandiza. Guluu sindikupatsani."

"Masitolo ndi ambiri, mayi," anatero a Sabiti, n'kukankha njinga yawo.

A Selestina anaphimba nsapato za anthu ndi chitenje, nawatsatira. Anawapeza pasitolo ya a Lajabu, chubu chili kale m'manja. Pamaso pa ogula onse, mayi amene kale ankachita manyazi ndi dzino lobenthuka anatsegulanso pakamwa, nafotokoza zonse kuyambira pa chimanga mpaka pa mpando wa dokotala. Mayi wina amene ankagula sopo anati mwana wake wamkazi anachitanso zomwezo. A Sabiti anabweza chubucho pang'onopang'ono.

M'mawa mwake a Selestina anawaperekeza kuchipatala, chifukwa bamboyo, ngakhale amanyamula matumba awiri a chimanga panjinga, ankaopa jakisoni. Dzino lawo linapezeka kuti lingapulumuke. Analitsuka n'kulitseka ndi mankhwala ake oyenera.

Kuyambira pamenepo akabaza akamva wokwera akudandaula za dzino, amamuuza nkhani ya a Selestina ulendo usanathe. A Lajabu nawonso anayamba kufunsa ogula. Aphunzitsi a pasukulu ina yapafupi anaitana a Selestina kuti akalankhule ndi makolo, ndipo anapita atavala epuloni yawo ya pantchito, n'kulankhula mphindi zosakwana khumi.

Si onse anamva. Pali wogulitsa wina kumapeto kwa msika amene amati ntchito yake ndi kugulitsa, osati kuyang'ana m'kamwa mwa anthu. A Selestina sakangana naye. Tsiku la msika lililonse amadutsa pa benchi yake, kumupatsa moni, kumufunsa za ana, kenaka n'kuyambanso nkhani ija.