Dzanja Lamanja la Anock

Anock ndinamudziwa akadavala kabudula wobooka kumbuyo. Mayi ake, a Maness, anachokera ku Ntcheu n'kudzachita lendi nyumba yoyandikana ndi yanga kuno ku Chinsapo, ndipo ankagulitsa tomato pamsika. Mwanayu anali wosautsa. Ukamusiyira wailesi, pobwera unkaipeza matumbo ali panja, iye ali duu kusuzumira m'kati ngati muli ndiwo. Koma pofika madzulo wailesiyo inkalankhula bwino kuposa kale, ndiye ukanamukalipira chiyani?

Mayeso a Fomu 4 analemba mu 2003 ndipo anakhoza mochititsa nsanje, makamaka masamu. Ali pakhomo anadzipangira yekha makina owotcherera zitsulo. Waya wake wa kopa ankamupatsa ndi a Zebedee, owotcherera mageti m'mbali mwa msewu, kuchokera m'mamota akupsa. Iye maso ake anali ku Poly, ku Blantyre, kuti akaphunzire uinjiniya.

Mafomu ofunsira malo ku yunivesite atatuluka anadzaza yake n'kusaina. Chinatsala n'chakuti ahedi a kusukulu kwake adinde chidindo pa pepala la zotsatira zake, kenako zonse zipite pa positi lisanadutse Lachisanu. Kuphonya tsikulo kunali kudikira chaka china. Koma a Maness sankakhulupirira kuti mapepala okha angalowetse mwana wa wogulitsa tomato ku yunivesite.

"Nyamula makina akowo ukawaonetse ahedi," anamuuza. "Aone ndi maso, alembe kalata kuti a ku Blantyre adziwe kuti si zocheza."

Panalibe amene ankafuna kalata yoteroyo, koma ife tikanadziwira kuti? Mzere wathu wonse munalibe munthu amene anapondako ku yunivesite.

Sabata imeneyo kunalibe magetsi, chifukwa akuba anali atadula waya kuseri kwa msika. Ine ndinkadalira mafirizesi ndi nkhuku zoduladula. Filiji inazima, nkhuku zinawola, ndinakazikwirira kudzala ana anga akuyang'ana. Ndinalusa, ndipo ndinkanena poyera kuti wakubayo akadzagwidwa mudzandiitane.

Lachinayi m'mawa dzuwa litakwera ndinamva mfuu ya "Wakuba!" Ndinathamangira kumsika chitenje chili m'manja. Akuti munthu anaonedwa akuthamanga ndi thumba la feteleza pamutu, waya wofiira akuonekera pobooka. Kwathu kuno wothamanga ndi katundu safunsidwa mafunso.

Ndinapeza atamugwetsa kale chafufumimba m'ngalande. Amuna ankamuponda m'nthiti, wina ankamumenya ndi mpini kumsana, malaya atasanduka nsanza. Mutu wonse unali fumbi ndi magazi. Waya anali mbwee pansi, ndipo nditamuona ndinakumbukira nkhuku zanga. Dzanja limodzi la munthuyo linali litatuluka m'ngalande, litakanikiza envulopu yakhaki pansi. Ndinatola njerwa. Ndinamenya dzanjalo kawiri ndi mphamvu zanga zonse, ndipo kachiwiriko ndinamva mafupa akuswekera pansi pa njerwa. Sindibisa, pa nthawi imeneyo mtima wanga unakondwa.

Wina anabwera akugubuduza tayala, wina ankafunsa za palafini. Apo m'pamene a Zebedee anatulukira ndi chitsulo cha geti, akuchizunguza mpaka anthu anabwerera m'mbuyo.

"Wayayu ndi wanga, ndinamupatsa ndine! Womukhudzanso ndimuphwanya mutu!"

Anamutembenuza n'kumupukuta kumaso ndi malaya awo. Anali Anock. Ankathamanga ndi makina ake aja m'thumba kuti akawapeze ahedi asanatuluke. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi ngati sanalipo. Ine ndinaponya njerwa ija m'ngalande, ndinapita kunyumba, n'kukasanza kuseri kwa bafa.

Kuchipatala anati nthiti ziwiri zathyoka ndipo zala zitatu za kumanja sizidzapindikanso. Lachisanu m'mawa a Maness anatenga envulopu ija okha kupita nayo kusukulu. Ahedi anayang'ana magazi ouma pakona pa fomuyo, sanafunse za makina kapena kalata, anangodinda. Masana zinali zitapita pa positi.

Ine ndinkaphika phala la mtedza n'kumapititsa kuchipatala, a Maness n'kumandithokoza mogwada. Ndinali wamantha ndipo ndinkadzida. Nkhani ya njerwa sindinauzeko munthu, ngakhale bambo a kunyumba.

Atatuluka, Anock ankakhala pakhonde akuphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere pa makatoni a sopo. Poyamba zilembo zake zinali ngati mapazi a nkhuku. Mayeso olowera ku yunivesite analemba ndi dzanja lomwelo. Tsiku limene dzina lake linatchulidwa pa wailesi, amene anamuponda aja ndi amene anayamba kufika kudzamugwira chanza, akuti injiniya wathu. Anthufe manyazi tilibe.

Kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke, filiji yanga inafanso. Sindinamuitane, anangomva kwa mwana wanga Peggy n'kubwera ndi zipangizo zake. Anagwada kuseri kwa filijiyo, akumasula ndi lamanzere, lamanja lili gwa pa bondo. Kenako anandiitana.

"Amake Peggy, tandigwirireni waya uyu. Dzanjali silitha kutsina."

Ndinagwada pafupi naye n'kugwira.

"Gwirani zolimba, amayi," anatero osandiyang'ana. "Mphamvu muli nazo, ndinazimva tsiku lija."

Filiji inayamba kulira. Iye analongedza zipangizo zake, anatsanzika mwaulemu ngati masiku onse, n'kutuluka. Ine ndinatsala chogwada pomwepo. Filijiyo ndikadali nayo, ndipo sinafenso.