Tinakapepesa kwa bokosi

Tinalipo anayi Lachitatu lapitali. Panali ine Kamwendo, dalaivala wakale wa malole. Panali a Chikadza, mkulu wa mpingo wathu ku Tottenham, amene Chingerezi chawo chimatuluka chosalala ngati cha pa wailesi. Panali mayi NaPhiri, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo anabwera atangoweruka, maso ali psuu. Wachinayi anali nkhuku.

Musaseke. Inali yopha kale, yososola bwinobwino, ya nyama yolimba ija timagula kwa abutchala, ndipo ndinaikulunga mu jumbo ziwiri. Ndikudziwa kuti kuno sagamula milandu ndi nkhuku. Koma kuyambira ndili mwana sindinaonepo munthu wamkulu akupita kukapepesa manja ali lendelende.

Inde, tinali pa ulendo wokapepesa. Ndiyambe poyambira.

Galimoto imene mumandiona nayo si yanga. Ndi ya mwana wanga Lameki, amene ndi nesi, ndipo ndimakhala kwa iye. Akaisiya pakhomo ndimayendetsa ndine. Lamlungu lina miyezi itatu yapitayo ndinaiimika kuseri kwa sitolo yaikulu ija yoyandikana ndi holo imene timabwereka popemphera. Chikwangwani chilipo, sindikana. Chili pamwamba pa chitsulo, zilembo zake ngati nyerere. Akuti maola awiri basi. Tsiku limenelo kunali ubatizo wa ana atatu, makwaya awiri, ndi mlaliki mlendo. Ndani wa inu anaonapo ubatizo wa Amalawi ukutha m'maola awiri?

Patapita milungu iwiri kunabwera kalata. Masana pakhomo ndimatsala ndekha, ndiye wotola makalata ndine. Pa envulopu panali dzina la Lameki, koma pakona pake panali kachithunzi ka galimoto, ndipo mtima unandiuza kuti nditsegule. Ndinatsegula kalata ya mwini. Limenelo ndi tchimo loyamba.

Amene mumatsata danga lino mukudziwa kuti sukulu ndinalekeza sitandade 2. Ndimawerenga ndi chala, liwu limodzilimodzi. Koma chithunzi sichifuna sukulu. Galimoto ikulowa. Galimoto ikutuluka. Pansi pake mapaundi 50.

Ndinaipinda n'kukaiika m'buti ya galimoto, pansi pa tayala la sipeya, kumene madalaivala akale tinkabisa mapepala. Tchimo lachiwiri.

Tchimo lachitatu ndiye lalikulu. Lamlungu lotsatira tikumwa tiyi titatuluka m'mapemphero, mayi NaPhiri anatulutsa kalata yofanana ndi yanga m'chikwama. Nawonso anaimika pomwepo tsiku la ubatizo. Anati, "Abale, zimenezi ndilipire?"

Palibe anafunsa ine. Koma mawu anga mumawadziwa, samadikira kuitanidwa.

Ndinati, "Musalipire ngakhale khobidi, mayi! Amenewo si boma. Si khonsolo, si polisi. Ndi anthu wamba ofuna kudya thukuta lanu. Ine ndayendetsa lole zaka makumi atatu, Harare, Tete, Blantyre. Ndimadziwa kusiyanitsa wapolisi weniweni ndi munthu wongovala chipewa!"

Holo yonse inamva. Ena anaomba m'manja. Mayi NaPhiri anabweza kalata m'chikwama ndipo sanalipire. Kuti nanenso ndili ndi yanga pansi pa tayala, sindinanene.

Akuluakulu anati mlandu suwola. Kalata yachiwiri inabwera ndi mapaundi 100, nayonso ndinaibisa pansi pa tayala. Yachitatu inabwera sabata yatha, yochokera ku kampani inanso, yotolera ngongole, zilembo zake zofiira. Mapaundi 150. Ndipo pakati pake panali liwu limodzi limene ndinaliwerenga popanda chala: khoti.

Tsopano mverani chimene chikundisautsa.

Lameki wakwanitsa zaka zake zogwira ntchito kuno, ndipo chaka chino akudzaza fomu yopempha kukhala m'dziko muno mpaka kalekale. Zaka zonsezo wanyamula odwala, wagwira Khrisimasi, wagwira maholide, kuti dzina lake likhale loyera. Tsiku lina ndinamumva akuuza mkazi wake kuti fomuyo imafunsanso za makhoti. Ana ake awiri ali pa dzina limenelo. Ine ndemwe ndili pa dzina limenelo. Ndipo dzina limenelo ndi limene lili pa kalata yofiira, chifukwa cha ubatizo umene iye sanapiteko n'komwe.

Mudzati, bwanji osangolipira, madala? Ndi chiyani? Ndalama imene ndimagwira ndi ya basi ndi ya chopereka, ndipo amandipatsa ndi Lameki yemweyo. Kuti ndilipire ndiyenera kumupempha. Kuti ndimupemphe ndiyenera kumuuza. Kuti ndimuuze ndiyenera kutsegula buti.

Ndiye ndinaganiza monga tinaleredwera. Kwathu mlandu sautumiza pa positi. Umavala jekete, umatenga munthu wokuyankhulira, umakakhala pansi pamaso pa amene wamulakwira, n'kunena kuti, "Wolakwa ndine. Mwanayu mumusiye. Fufutani dzina lake, lembani langa." Ndicho chokha ndinkafuna. Akafuna khoti, anditengere ine. Ndine nkhalamba, fomu yanga yotsala ndi ya kumanda.

Ndinapita kwa a Chikadza ndi kalata yofiirayo, ndinaulula. Anaiwerenga kawiri, magalasi ali pa mphuno.

Anati, "Apa sakunena kuti akutengerani ku khoti, achimwene. Akuti akhoza kukutengerani."

Ndinati, "Nanga ng'ona ikati ikhoza kukugwira, mumasambabe?"

Anangotenga chipewa. Mayi NaPhiri, amenenso yawo yofiira inali itafika, ndipo chilolezo chawo cha ntchito chikutha chaka chino, atamva anati, "Ndipita nawo. Ndikaone mmene odziwa zipewa aja amagwadira."

Adiresi inali ya ku Greenwich, tsidya la mtsinje. Mabasi atatu. Njira yonse ndinkakonza mawu m'mutu, nkhuku ili pamiyendo. Ndinkaganiza za ofesi ya masitepe, bwana wa tayi kuseri kwa tebulo. Ndinkati munthu ndi munthu, akaona imvi zangazi amva chisoni.

Tinapeza nambala ya nyumbayo. Kanali kasitolo kakang'ono kogulitsa maenvulopu ndi kujambula mapepala. Pa kauntala panali mayi mmodzi wachizungu akudya sangweji.

A Chikadza anavula chipewa, n'kupempha mwaulemu kuti tikufuna kuonana ndi bwana wa kampani ya zoimika magalimoto. Mayiyo anayang'ana kalata, anapukuta pakamwa, n'kuloza khoma la kumbuyo kwathu.

Tinatembenuka. Khoma lonse linali timabokosi ta chitsulo, kalikonse ndi nambala yake ndi kabowo ka kiyi. Kathu kanali 47. Kukula kwake, nkhuku yangayo sikanakwanamo.

A Chikadza ankamasulira. Akuti pano palibe ofesi. Akuti amabwera bambo wina Lachisanu ndi thumba, amatsegula, amatenga makalata, amapita. Dzina lake sakulidziwa, ndipo akanalidziwa sakanatiuza.

Mayi NaPhiri anandiyang'ana. Anati, "Chabwino, a Kamwendo. Bwana ndi ameneyo. Mugwada kapena mungoomba m'manja? Nkhuku mupereka pa kabowo ka kiyi?"

Magazi anakwera. Ndinamenya kauntala, ndinakuwa m'Chingerezi changa cha pa msewu kuti ndikufuna munthu, munthu wa mphuno ndi makutu. Mayi wa sangweji sanadzidzimuke n'komwe. Anati sitili oyamba kubwera. Anati iye amangobwereketsa mabokosi.

Ndinatsitsa mawu. Ndinapempha a Chikadza amufunse chinthu chimodzi chokha: kodi anthu amenewa amapitadi ku khoti?

Mayiyo anakweza mapewa. Akuti chimene iye amaona ndi maenvulopu akulowa m'kabokosiko, ambiri, mpaka nthawi zina amachita kupanikiza.

Ndiye funso limenelo ndabwera nalo kwa inu, owerenga. Kodi amapitadi?

Sabata yonse ndafunsa. Wometa tsitsi wanga ku Peckham akuti sapita, iye ali ndi makalata asanu ndi awiri ndipo amayatsira mbaula yootchera nyama. Dalaivala wina wa takisi wa ku Zambia akuti msuweni wake anamufikira pakhomo anthu olanda katundu, anatenga wailesi ya kanema ana akuonera. A Chikadza akuti imeneyo iyenera kuti inali tikiti ya khonsolo, ndipo tikiti ya khonsolo ndi nyama ina, yoluma ndithu. Mayi wina wa kwaya akuti ukangowayankha ndiye kuti wavomera mlandu. Wina akuti ukapanda kuwayankha ndiye kuti wavomera mlandu. Ku ofesi ya malangizo aulere anatiuza tibwere pakatha milungu iwiri. Kalata yofiira ikuti masiku khumi ndi anayi.

Mwaona? Aliyense ndi loya, ndipo palibe akudziwa.

Ndaganiza kwambiri za kabokosi kaja. N'chifukwa chiyani kamadzaza? Kodi onse otumiza ndalama m'menemo anaonapo woweruza? Ine ndikukayika. Chimene anthu aja amagulitsa si malo oimikapo galimoto. Amagulitsa tulo. Amakuchotsera tulo ndi sitampa imodzi, kenako amakugulitsa tulo tako tomwe pa mapaundi 150.

Ndipo tulo tathu ife ndi totsika mtengo kuchotsa. Mnansi wathu mzungu, wokonza mapaipi, ndinamuonetsa mtundu wa kalatayo pa mpanda. Anaseka, anati iye amang'amba. Iye akhoza kung'amba. Zikavuta alipira mochedwa, atukwana, agona. Dziko ndi lake. Ife moyo wathu wonse wapachikika pa pepala ngati jekete pa msomali. Nesi amene sawopa magazi, mayi amene amasambitsa nkhalamba za eni popanda kunyansidwa, akaona liwu loti khoti tulo timathawa. Sawopa ndalamayo. Akuwopa kabokosi kena ka pa fomu ina, kamene kadzafunse kuti inde kapena ayi.

Kodi eni kabokosi 47 sadziwa zimenezi? Kapena amadziwa bwino kwambiri?

Koma ndisaloze chala kunja kokha. Ife akuluakulu a mawu aakulu tili ndi mlandu wathu. Kwathu munthu wa imvi akayankhula anthu amakhala chete, ndipo tinabwera nawo ulemu umenewo m'ndege. Koma nzeru zake zinatsala pa malire a Beitbridge. Ine ndimadziwa kuyankhula ndi wapolisi wa pa msewu mpaka aseke andisiye. Kamera ya pa chitsulo ndingayiseketse bwanji? Ndinauza mayi NaPhiri, mayi wa ana atatu, kuti asalipire, osati chifukwa ndinkadziwa, koma chifukwa mawu oti "sindikudziwa" sanazolowere pakamwa panga. Mwina ndinanena zoona. Mwina anthu aja sadzapita n'komwe ku khoti. Koma ndinabetcha ndi chilolezo cha mwini, ndipo akapita, wolira sadzakhala ine.

Ndi angati a inu muli ndi kalata pansi pa matiresi, m'Baibulo, kuseri kwa firiji? Ndi angati mukudikira positi ngati odikira uthenga wa maliro, koma Lamlungu mumavala suti n'kumati zonse zili bwino?

Tsiku lija tinabwerera pa basi. Potsika, mayi NaPhiri anangoti, "Nkhukuyo mukaphike, bambo. Isawonongeke ndi iyo yomwe."

Nditafika kunyumba masana, galimoto inali pakhomo. Lameki anali ataweruka ntchito ya m'mawa. Ndinati basi, zakwana. Ndinatsegula buti, ndinanyamula tayala kuti nditenge makalata awiri otsala aja.

Analipo. Koma ine ndinawapinda kanayi n'kuwaponya mwachisawawa. Apa anali owongoledwa bwinobwino, woyamba pamwamba, wachiwiri pansi, atapanidwa pamodzi ndi kawaya ka mu ofesi.

Ndinatenga makalatawo, ndinabwezera tayala.

Ndinamupeza kukhitchini akumwa tiyi, yunifolomu asanavule. Ndinaika nkhuku pa tebulo. Ndinaika makalata onse atatu pambali pake. Ndinakhala pansi, ndinavula chipewa, ndipo ndinamuuza zonse, kuyambira ubatizo mpaka kabokosi 47. Ndinamuuza kuti ndinkafuna a kampani aja afufute dzina lake alembe langa. Mawu anga aakulu aja sindikudziwa kumene anapita.

Anamvetsera osandidula. Kenako anatenga kalata yoyamba ija, ya chithunzi, n'kuitembenuza. Kuseri kwake, kumene ine sindinayang'aneko chifukwa kunalibe chithunzi, kunali mzere wopanda kanthu. Anaika chala pamenepo.

Anati, "Bambo, ndinawapeza mwezi watha ndikuyeza mpweya wa tayala. Ngati atitengere ku khoti kapena ayi, nanenso sindikudziwa, ndipo sindikugona. Mawa ndikafunsa kwa odziwadi, titenganso ya mayi NaPhiri. Mzere uwu ndi wolembapo dzina la amene ankayendetsa. Simunafunike mabasi atatu, cholembera chokha. Ndakhala ndikuuyang'ana mwezi wathunthu, koma dzina la bambo wanga sindingalipereke kwa anthu opanda nkhope popanda inu kundiuza. Ndimadikira inu. Munanyamula nkhuku mpaka ku Greenwich kukasaka munthu womupepesa, chonsecho ine ndimagona chipinda choyandikana ndi chanu."