Dzanja Lamanzere la Oimba Gitala

Bambo amene timayandikana nawo nyumba amaimba gitala, nyimbo zachisoni zija amati bluzi. Salankhulalankhula. Ukawapatsa moni akukunga nsambo amangogwedeza mutu, ndipo achinyamata akamaimba mwaphuma amawauza kuti, "Chisoni sachithamangitsa." Koma chiwagwirireni sitiroko, dzanja lawo lamanzere limachita kusankha tsiku logwira ntchito.

Chilimwe chathachi anawaitana kuchikondwerero cha oimba bluzi. Akazi awo anakana kwamtuwagalu kuti apite, koma bambowo anavala jekete lawo n'kunyamuka, ine ndi mayiwo n'kumawatsatira pambuyo. Dzuwa linali likuswa mtengo, anthu atadzaza bwalo.

Nyimbo yachiwiri ili pakati, zala za bambowo zinauma pansambo ndipo gitala inangoti zii. Anthu anayamba kung'ung'udza, wina kumbuyo n'kuimba likhweru. Mayi aja anandigwira mkono mpaka zikhadabo kundilowa.

"Ayambanso matenda aja," anatero chapansipansi.

Woimba ng'oma, yemwe ndi mlamu wa bambowo, anawerama n'kufunsa kuti, "Alamu, titsike?"

"Inuyo musasiye kugunda," anayankha bambowo, thukuta lili kamukamu.

Anagoneka gitala pamiyendo, n'kusendera kumaikolofoni, n'kupitiriza nyimboyo ndi pakamwa pokha. Mlamu uja ankagunda pang'onopang'ono, maso ali pa iwo. Bwalo lonse linakhala chete mpaka nyimbo inatha.

Anatsika anthu akuombabe m'manja, koma sanamwetulire. Anapita molunjika kwa akazi awo n'kuwaonetsa dzanja lija.

"Mayi, silikumva kanthu," anatero. "Tiyeni kuchipatala."