Ndege Imene Silvino Sanakwere

Ku Moatize kuno tonse tinkamudziwa Silvino ndi malaya ake a ku mgodi, aja okhala ndi mizere yonyezimira. Ine ndinkakhala naye khomo loyandikana, choncho zimene ndikunenazi si zakumva.

Anabadwira ku Malawi makolo ake atathawa nkhondo, ndipo anafika kwawo ku Zóbuè ali kumsana, mtendere utabwerera. Anakulira m'munda wa mbatata. Malasha atatchuka anatsikira kuno, naphunzira chiwongolero, nalembedwa ntchito ku mgodi wa Chipanga yoyendetsa zimagalimoto zija tayala lake limatalika kuposa munthu. Bambo ake, a Isaías, anakula mtima nazo. Ku tchalitchi munthu ukangowapatsa moni, unkamva za mwana wawo mpaka miyendo kuwawa.

Kenako kampani inachepetsa antchito, Silvino n'kukhala m'gulu la ochotsedwawo. Kumudzi sananene. Anayamba kunyamula anthu pa njinga yamoto ya eni ake, koma malaya aja ankawachapa ndi kuwasita ngati mawa amuitananso. Foni yake inkakhala yopanda ma mega, moti kulankhula ndi kwawo kunavuta.

Mnzake Emerson, amene ankasesa pa bwalo la ndege ku Chingodzi, ndiye anamutsina khutu kuti kumeneko kuli wayifayi yaulere. Lamlungu lina Silvino anavala malaya aja, nakakhala pampando ngati wapaulendo, n'kuimbira mlongo wake Élia pa vidiyo. Élia anapereka foni kwa bambo awo. Mkuluyo anaona magalasi, anthu okoka masutikesi, n'kumvanso kulira kwa ndege.

"Iwe Silvino, kodi ukupita kuti?" anafunsa a Isaías, nkhope ili mwee.

Apa mpamene pankafunika mawu ochepa chabe, akuti ababa ndabwera kudzapempha intaneti. Koma mnyamata anaona chimwemwe chija, lilime n'kuterereka.

"Ku Joni, ababa. Kampani ikunditumiza kukaphunzira makina atsopano."

Bodza limenelo linayamba kufuna chakudya. Kuti foni isaitane n'kumuulula kuti ali konkuno, ankachotsamo khadi, n'kuwauza akwawo kuti kunjako amapezeka pa WhatsApp pokha. Lamlungu lililonse ankapita ku Chingodzi kukanena kuti wangotera kumene ndipo anyamukanso posachedwa. Ine zinkandinyansa. Ndinamuuza maso ndi maso kuti kutha kwa ntchito si kuba, anthu ambirimbiri zinawaonekera. Iye anangoweramitsa mutu, n'kundiyankha monditchula Mana, ndiye kuti achemwali.

"Mana Antónia, simuwadziwa ababa. Ndikawauza, ku tchalitchi akalowa ndi nkhope yanji?"

Nyengo ya mvula Silvino anagwidwa ndi malungo, nagona kwa kanthawi osapita ku bwalo kuja. Atapezako bwino ndinamuperekeza, poopa kuti angagwe m'njira. Titangokhala pansi, foni inagwira wayifayi ndipo mauthenga anayamba kugwa motsatizana ngati mango kukawomba mphepo. Onse anali mawu a Élia, amene amamutchula Mano, ndiye kuti achimwene.

Woyamba unkati, "Mano, ababa sakupeza bwino, chifuwa chawathina." Wotsatira unkati, "Akukufunsani. Ndayesa nambala yanu, sikulowa." Wina unkati, "Ndimati nditume munthu ku Moatize akafunse kukampani, koma ababa akaniza. Akuti tisakusokonezeni pa maphunziro." Womaliza unali waufupi, mawu ake osasa ndi kulira: "Mano, ababa tawaika dzulo. Mukatera mubwere."

Silvino sanalire pomwepo. Anangoyang'ana malaya ake aja, n'kuyamba kumasula mabatani pakati pa anthu, mpaka ndinachita kumugwira dzanja.

Munthu sapita yekha kumaliro, choncho ndinakwera naye chapa, minibasi ya ku Zóbuè. Tinanyamuka dzuwa litakwera kale, koma tinafika anthu asanadye n'chamasana chomwe. Kufupika kwa njirayo ndiko kunandiwawa koposa. Pokwera mapiri aja ndinkalakalaka galimoto itafa, kuti ulendowo uonekeko ngati ulendo.

Pamudzi anatilandira ngati alendo olemekezeka. Azibambo ankamugwira chanza Silvino n'kumamuyamikira kuti wachita chamuna kuchoka kutali konseko. Wina anamupatsa mpando wa malemuwo. Aliyense akamuthokoza, iye ankanka nafota. Ngakhale ine, amene sindinaname, ndinasowa poyang'ana.

Titabwerako kumanda, mayi ake, a Cândida, anamuitanira pakhonde. Analankhula modekha, akusisita mkono wake.

"Usadandaule, mwanawe, bambo ako sanakukwiyire. Masiku omalizawa, ndege ikamveka, ankati tiwatulutse panja. Ankakweza dzanja n'kumati mwina mwana wanga ali m'menemo." Anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu. "Anandisiyira funso loti ndidzakufunse. Akuti kodi ukakhala m'mwambamo, munda wathu umaoneka?"

Silvino anatsika pampando paja n'kukhala pansi, pafumbi.

"Amayi, ine ndege sindinakwerepo. Ntchito inatha kalekale. Nthawi yonseyi ndinali ku Moatize."

Ndinkayembekezera kuti mayiwo akuwa kapena amutukwana, ndipo mwina zikanakhalako bwino. Iwo anangochotsa dzanja lawo pa mkono wake, natembenukira kumsewu, kumene chapa ina inkatsika phiri itadzaza matumba a mbatata.

"Ku Moatize?" anatero. "Pompa apa?"

Silvino sanabwererenso kuno. Akulima munda wa bambo ake, ndipo foni yake masiku ano imaitana nthawi ina iliyonse. Élia anandiuza kuti ndege ikamadutsa, anthu onse m'mundamo amayang'ana kumwamba, koma iye amangopitiriza kulima.