Miyezi isanu ndi iwiri osathira mchere m'ndiwo

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, ine ndinathawa pabedi la kuchipatala nditamasula kale chitenje, ndipo kuthawa kumeneko kwanditayitsa chiberekero. Mtima sukukhala pansi mpaka ndikuuzeni.

Kwathu ndi kwa Mposa. Bambo a mwana wanga atadwala chifuwa chosatha, anatiyeza magazi tonse awiri, n'kutipeza ndi kachilombo kaja kamene anthu amakatchula monong'ona. Masiku ano pakamwa sitiyasamula chisawawa, choncho ngakhale achemwali anga aakulu, amene tinayandikana nyumba, sindinawauze.

Tsiku lina ku sikelo, anamwino, mayi wachikulire wa ku Balaka, anandiitanira pambali. Anati ife a kachilombo khomo la chiberekero limagwidwa khansa msanga, ndiye andiyang'ane mkati ndi kachitsulo, apale pang'ono n'kupaka pagalasi, galasilo likayezedwe ku Blantyre. Nditaona kachitsuloko, kangati mlomo wa bakha, ndinanama kuti mwana akulira panja. Ndinatuluka, osabwereranso.

Chitatha chaka ndinayamba kutaya magazi masiku osayenera. Mukudziwa mwambo wathu: mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, kuopa kudwalitsa a m'nyumba tsempho. Ndiye ndiwo zikapsa ndinkaitana achemwali adzandithirire. Poyamba masiku asanu, kenako khumi, kenako mwezi wathunthu. Iwo ankaseka ali pakhomo: "Kodi mwezi wanuwu sulowa? Mwandilemba ntchito ya mchere?" Nanenso ndinkaseka, koma m'mimba mukuluma, nsalu ndikuchapa mobisa kuseri kwa bafa.

Ndinapita kwa sing'anga pa Ulongwe, ndinamwa mizu yowawa milungu itatu, osasintha. Kuchipatala ndinkaopa kuti achemwali akandiperekeza akamva za kachilombo. Taonani kupusa kwanga, inu owerenga. Mwambo wa mchere sindinauphonye ngakhale tsiku limodzi, koma thupi langa ndinalisiya likuwola.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri achemwali anafika, n'kuika mchere pansi. "Iyayi, lero sindithira. Mudya zozizira, apo ayi tikakwere basi yopita kuchipatala." Tinadya zopanda mchere masiku atatu. Bambo odwalawo anasiya kudya, ndipo ndinagonja. M'basimo ndinawaululira achemwaliwo za kachilombo. Anangondigwira dzanja n'kuti anadziwa kale poona kuonda kwa alamu awo.

Tinapeza anamwino omwe aja. Sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Mwana uja wasiya kulira tsopano?" Kachitsulo kaja kanali kozizira chabe, ndipo sikanachedwe kuposa kuwiritsa madzi a tiyi. Galasi silinafunikenso, chilonda chinkaoneka ndi maso. Ananditumiza kuchipatala chachikulu, kumene anachotsa chiberekero chonse. Adokotala anati galasi lija likanapita nthawi ija, mwina akanangochotsa kachigamba kakang'ono. Ngati matendawa atheratu, sanandilonjeze. Pakangoluma paliponse ndimadzidzimuka, n'kumuyang'ana mwana wanga, yekhayo amene ndidzakhale naye.

Amayi anzanga, makamaka inu amene magazi anu ali ngati anga, akakuuzani kuti gonani apa tikuyang'aneni, gonani. Musadikire kuwawa. Mukaona kuti wothira mchere wafika pakhomo panu kupitirira masiku ake, m'pempheni akuperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo.

Ine kumwezi sindipitanso. Mchere ndimathira ndekha tsiku lililonse.