Mphumu ya Mwana Wanga ndi Timapiritsi ta Achimwene

Mwana wanga wamkazi anali ndi mphumu, ndipo inkakula nyengo yosankha fodya. Akangolowa m'chigafa, chifuwa chinkayamba kulira ngati kamwana ka mphaka. Kwathu ku Ngauma mwini mwana ndi malume wake, choncho mawu omaliza anali a achimwene anga. Iwo ankabwera ndi timapiritsi tachikasu ta chimfine tochokera ku Malawi. Mwana akamwa ankagona, achimwene n'kumati, "Mwaona achemwali? Wachira. Mawa abwerere ku fodya."

Kugona n'kuchira? Ine ndinkaona nthiti zake zikukokeka ali m'tulo momwemo, ndipo mtima unkandiwawa.

Tsiku lina ndinamukweza panjinga mpaka ku Mandimba, n'kukwera naye minibasi, imene kwathu timati shapa, ya ku Cuamba osatsanzika munthu. Timapiritsi tija ndinatimanga pansonga ya chitenje. Kuchipatala namwino anamupatsa kachubu kokhala ndi kamuvi koyenda, koyezera mphamvu ya mapapo. Mwana anauzira, kamuvi kanangosuntha pang'ono. Anamumwetsa piritsi la achimwene, tinadikira pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Anauziranso uku akusinza, kamuvi kanaima pomwe paja. Kenako namwino anamupopera mkamwa mankhwala a mphumu a m'kachitini kopopera kotchedwa bomba, ndipo atauzira, kamuvi kanathamanga.

"Mayi," anatero namwino, "timapiritsiti timaletsa kuyetsemula ndi kuyabwa. Chifuwa chikatseka, timeneti sitichitsegula. Ndipo fumbi la fodya alitalikire."

Titabwerera ndi bomba imene namwino anatipatsa, tinapeza achimwene ali pakhonde ndi akuluakulu a mbumba, onse ali ndwii.

"Kutenga mwana wanga osandiuza?" anatero achimwene. "Bomba imeneyo akaizolowera sadzaisiya. Imafoola mtima."

Ndinagwada mwaulemu, koma sindinagonje.

"Achimwene, mwanayu ndi wanu, sindikukana. Dzina munamupatsa ndinu, ankhoswe ake mudzakhala ndinu. Koma m'chigafa salowanso, ndipo bomba sinditaya."

Anandiyankha kuti ngati zili choncho, mwanayo akadzafa maliro ake ndidzaike ndekha. Amayi anga aang'ono, omwe anali pomwepo, anagwira pakamwa. Chaka chimenecho ndinasankha fodya wa anthu awiri, manja ali bii, achimwene osandilankhula mpaka mvula inagwa.

Mawu a malirowo sanawabweze mpaka lero, ndipo ine sindinawapemphe kutero. Mwanayo tsopano amayenda wapansi kupita kusukulu ku Massangulo. Akamadutsa pakhomo pa malume wake amawapatsa moni mofuula, mudzi wonse n'kumva.